Kobili lanu linalakwika ku fakitale kapena langowonongeka m'matumba? Nayi njira yodziwira

Vuto lomwe limangobwerabwera kwa anthu osunga makobili ndi lomweli, munthu wapeza kobili looneka mwachilendo, mwina zilembo zikuoneka ziwiriziwiri, mwina mbali ina yabenthuka, mwina mtundu wake wasiyana ndi anzake, nde mtima uli m'mwamba kuti basi ndapeza chuma, osagona tulo, kenako akaonetsa odziwa akumuuza kuti ayi bwana, ili langomenyeka penapake. Zimawawa, ndipo ine zimandimvetsa chisoni kwambiri ndikaona wina wataya ndalama zake kugula kobili lopalidwa ndi tupa poganiza kuti ndi cholakwika cha ku minti, fakitale yopanga makobili. Koma pali funso limodzi lomwe limathetsa milandu yambiri yotereyi, ndipo muzidzifunsa musanafunse munthu wina aliyense: kodi chimene ndikuonachi chikanachitika pa sitepe iti popanga kobili? Ngati mungathe kuloza kuti apa, makina atachita chakuti, ndiye kuti mwina muli ndi kanthu. Ngati simungathe kuloza, nthawi zambiri kobililo lavulala litatuluka kale m'fakitale.

Nde kuti muyankhe funsolo muyenera kudziwa mmene kobili limabadwira. Amayamba ndi chitsulo chachitali chopyapyala chokulungidwa, makina amaboola chitsulocho kutulutsa timbale tozungulira topanda chilichonse, timbaleto amatiwotcha kuti tifewe, kutitsuka, kenako kutidutsitsa m'makina ofinya m'mbali kuti mkombero utukuke pang'ono. Kambale kakafika pa makina odindira kamagwera m'kati mwa mphete yachitsulo yomwe amati kolala, pansi pali chidindo china pamwamba china, ziwirizo zimamenya nthawi imodzi mwamphamvu zedi, chitsulo chimathamangira m'maenje a zidindo ndipo chimakankha kolala ija, nchifukwa chake timizere ta m'mbali mwa kobili timabwera pa kumenya komweko osati padera. Makina amakono amatha kudinda makobili pafupifupi 750 pa mphindi imodzi, nde n'zosadabwitsa kuti zina zimapulumuka osaonedwa. Pafupifupi zolakwika zonse zenizeni zimachokera malo atatu, kambale kanali kolakwika kale, kapena chidindo chinali ndi vuto, kapena kumenyako sikunayende bwino.

Chinthu chimodzi chomwe mukachigwira bwino mwapulumuka zambiri ndi choti chidindo ndi chosemphana ndi kobili. Chomwe chatukuka pa kobili, pa chidindo ndi dzenje, ndipo chomwe chalowa m'kati pa kobili, pa chidindo chinali chotukuka. Ndiye chidindo chikang'aluka, chitsulo chimalowa mu mng'alumo ndipo pa kobili pamaoneka mzere wotukuka, wokhotakhota, wosalala pamwamba. Koma kobili likakandidwa ndi mpeni kapena msomali mzerewo umalowa m'kati, ndipo m'mphepete mwake mumakhala timitumbira tachitsulo chomwe chakankhidwira pambali, ngati mmene matope amatulukira m'mbali mwa phazi mukaponda pofewa. Chitsulo sichisowa chokha, chimapita penapake, nde mukaona dzenje pa kobili funani komwe chitsulo chake chapita. Mukachipeza chitawunjikana pambali pa dzenjelo, kapena kuseri kwa kobili kwatupa kapena kwaphwatalala pa malo omwewo, limenelo ndi bala chabe.

Zipangizo sizambiri. Kagalasi kokulitsa zinthu ka 10x, sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, maginito, caliper yoyezera kukula, ndi kobili lina labwinobwino la mtundu womwewo ndi chaka chomwecho loti muzifananitsa nalo. Ma microscope a pa kompyuta aja ine sindimawalimbikitsa kwa oyamba kumene, amakulitsa mopyola muyeso mpaka kachinthu kalikonse kamaoneka ngati nkhani, komanso magetsi ake amawala mbali zonse nkumapanga mithunzi yooneka ngati zilembo ziwiri pomwe palibe. Nyali imodzi yowalira chapambali ndiyokwana, muzitembenuza kobililo pang'onopang'ono pansi pake.

Tiyambe ndi zilembo zooneka ziwiriziwiri, poti apa mpomwe anthu ambiri amagwera. Chenicheni chomwe osunga makobili amachisaka amati doubled die, ndipo vuto lake silichitika pomenya kobili ayi, limachitika popanga chidindo chenichenicho. Chidindo chimapangidwa pochikanikiza pa chitsulo china cholimba chokhala ndi chithunzi chotukuka, chotchedwa hub, ndipo kale ankakanikiza kangapo, kuwotcha chidindo pakati kuti chifewe nkubwezanso. Nde ngati pobweza kachiwiri sanalinganize bwino, chithunzi chimalowa kawiri mosemphana pang'ono, ndipo kobili lililonse lodindidwa ndi chidindo chimenecho limatuluka ndi kuwirikiza kofanana ndendende, malo omwewo, mbali yomweyo. Chitsanzo chotchuka ndi senti ya ku America ya mutu wa Lincoln ya 1955, yodindidwa ku Philadelphia, pomwe chaka, mawu a LIBERTY ndi IN GOD WE TRUST amaoneka awiriawiri olo opanda galasi, ndipo akuti pakati pa 20,000 ndi 24,000 ndi omwe analowa m'manja mwa anthu. Zinachitikanso pa senti ya 1972 ndi ya 1995. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 minti ya ku America inasintha nkuyamba kukanikiza kamodzi kokha, nde kuwirikiza kwa makobili atsopano kumakhala kochepa ndipo kawirikawiri kumapezeka chapakati pa chithunzi.

Koma pali china chofanana nacho chomwe chili mbwee ndipo sichiwonjezera mtengo, amati machine doubling. Apa chidindo ndi chabwinobwino, kungoti chinali chogwedera m'makina, nde chitangomenya chinatsetsereka kapena kudumpha pang'ono nkuphwanya m'mphepete mwa zilembo zomwe changopanga. Tengani galasi lanu muyang'ane chilembo chimodzi chokha, tinene R. Ngati ndi doubled die, zithunzi zonse ziwiri ndi zotukuka mozungulira bwino, chilembo chikuoneka chonenepa kuposa cha pa kobili lanu lofananitsira lija, ndipo kunsonga kwa miyendo ya chilembo kuli kogawanika, kamphanda kakang'ono kooneka bwino. Ngati ndi kugwedera kwa makina, chithunzi chachiwiricho ndi chaphwatalala ngati sitepe, chotsika, chonyezimira, ndipo chilembo chenichenicho chaonda chifukwa mbali yake ina yaphwanyidwa. Choyamba chimawonjezera pa chilembo, chachiwiri chimadya chilembo, ndipo mukazolowera kuona zimenezi simuvutikanso.

Pa makobili a ku America akale pali kanjira kena kachidule. Mpaka 1989 kachilembo kosonyeza fakitale, D wa Denver kapena S wa San Francisco, ankakakhoma ndi manja pa chidindo chilichonse chitapangidwa kale. Ndiye kuti kuwirikiza kochokera ku hub sikungakhudze kachilemboko. Mukapeza senti ya 1969 ya S pomwe chaka ndi S yemwe zonse zawirikiza mbali imodzi mofanana, amenewo ndi makina ogwedera, pomwe doubled die yeniyeni ya 1969-S, yomwe ndi yosowa kwambiri moti ena oyamba kupezeka a Secret Service, nthambi ya boma la America yolimbana ndi ndalama zabodza, anawalanda poganiza kuti ndi achinyengo, ili ndi chaka ndi mawu owirikiza koma S ali yekha. Kukhoma ndi manja komweku nkomwe kunkabweretsanso kachilembo kokhomedwa kawiri, D pamwamba pa D mnzake mosemphana, chimenecho ndi chenicheni ndipo anthu amachisunga.

Mtundu wachitatu wa kuwirikiza umabwera chidindo chikatopa. Chikamenya makobili masauzande ambirimbiri m'mphepete mwa zilembo mumayamba kudyeka, nde pa kobili zilembo zimakhala ndi kamthunzi kosaoneka malire bwinobwino, kawirikawiri kolozera ku mkombero, ndipo pamalo osalala pamaoneka timizere tothamangira kunja kapena pamakhala pokhakhala. Masenti ambiri a 1955 ali ndi kamthunzi kotereka pa 5 womaliza ndipo ogulitsa ena amawatsatsa ngati kuti ndi abale a lotchuka lija, musapusitsidwe, ndi chidindo chokalamba basi. Palinso kobili lomenyedwadi kawiri, lomwe linakanirira m'makina nkulandira nkhonya yachiwiri, limeneli mumalidziwa poti kumenya kwachiwiri kumaphwanya chithunzi choyamba ndipo zimaoneka mbali zonse ziwiri za kobili, komanso palibe awiri ofanana.

Nanga chilembo kapena kachigawo ka chithunzi kakasowa? Apa zifukwa zenizeni ndi ziwiri. Girizi wosakanikirana ndi fumbi lachitsulo amatha kudzaza dzenje la chilembo pa chidindo, nde chitsulo chimasowa polowa, chilembo osatuluka kapena kutuluka mozimiririka. Ndi zomwe zinachitika pa makota ena a 2005, makobili a masenti 25 a ku America olemekeza dera la Kansas, pomwe T wa TRUST anasowa mawu nkumawerengeka IN GOD WE RUST. Chifukwa chachiwiri ndi kupukuta chidindo mopitirira, wantchito akufuna kuchotsa zipsera nkudya pamwamba pa chidindo mpaka tizigawo tosazama tafufutika. Nickel ya 1937 ya ku Denver, kobili la masenti 5 lokhala ndi chithunzi cha njati ya miyendo itatu, inabwera chonchi, mwendo wakutsogolo unapita ndi kupukuta koma chiboda chinatsala pansi. Senti ya 1922 yopanda D nayonso ndi nkhani ya zidindo zotopa, zodzaza ndi zopukutidwa, ndipo imadziwika kuti ndi yolakwika chifukwa chaka chimenecho masenti anadindidwa ku Denver kokha. Poyesa, yang'anani pamalo posowapo chapambali ndi nyali, ngati ndi za ku fakitale pamakhala posalala mofanana ndi pozungulira, mtundu umodzi, kulemera kwa kobili kosasintha. Ngati wina anapala pamakhala kadzenje kosazama, timizere tolozera mbali imodzi, kapena pamawala mosiyana ndi kwina konse.

Ming'alu ya chidindo tanena kale, ndi mizere yotukuka. Chidindo chikabenthuka kumphepete chidutswa nkugwa, pa kobili pamatsala chotupa chachitsulo chopanda chithunzi chogundana ndi mkombero, amati cud, ndipo umboni wake uli kuseri, pamalo omwewo chithunzi chimakhala chofooka chifukwa chitsulo chinathawira m'bowo muja m'malo modzaza chidindo chinacho. Chotupa chopanda kufooka kuseri muchikayikire, mwina ndi mtovu wowotcherera kapena guluu wouma. Nthawi zinanso kambale sikagwera m'makina, zidindo ziwiri nkumenyana zokhazokha, chilichonse nkusiya chithunzi chake pa chinzake, nde makobili otsatira amakhala ndi mizukwa ya chithunzi cha kuseri ikuonekera pamalo osalala a kutsogolo. Izi ndi zenizeni koma zazing'onozing'ono zake ndi zofala, timadontho tachitsulo m'kati mwa zilembo kapena kamng'alu kamodzi sizikweza mtengo kwenikweni.

Tsopano kobili lobenthuka m'mbali. Pa fakitale zimachitika chitsulo chachitali chija chikapanda kusuntha mokwanira, choboolera nkugwera pang'ono pa bowo lomwe laboola kale, kambale nkutuluka kodukapo kachigawo kokhota ngati mwezi. Vuto ndi loti aliyense wokhala ndi chodulira zitsulo akhoza kupanga zooneka choncho, nde pali zinthu zitatu zoti muone. Choyamba yang'anani mkombero wa mbali yoyang'anizana ndi podukapo, pa lenileni pamakhala pofooka kapena pophwatalala, chifukwa makina otukula mkombero amafinya kambale mbali ziwiri nthawi imodzi, nde podukapo pakafika mbali inayo imasowa chokankhira, osunga makobili amati Blakesley effect. Sichioneka pa onse, makamaka ngati podukapo ndi papakulu kwambiri kapena kumenya kunali kwamphamvu, koma chikaoneka ndi umboni wabwino. Chachiwiri, mkombero ukamayandikira podukapo umatsika pang'onopang'ono nkuzimiririka, ndipo zilembo zapafupi zimaoneka zofooka, zokokedwera ku mpatawo poti chitsulo chinkathawira komweko pomenya. Pa lodulidwa kunyumba mkombero umangothera mwadzidzidzi uli wonse, zilembo zili zakuthwa mpaka pa chilonda. Chachitatu ndi khoma la podukapo, lenileni limakhala ndi chigawo chosalala ndi chigawo chokhakhala pomwe chitsulo chinathyoka, osati mizere ya tupa kapena ya sowo.

Kobili lomenyedwa pambali, chithunzi chathawira uko kwina kwatsala kopanda kanthu, limabwera kambale kakagwera pakamwa pa kolala osalowa. Poti linamenyedwa kunja kwa kolala, silikhala lozungulira bwino, silikhala ndi timizere ta m'mbali, ndipo mbali zonse ziwiri zathawa mofanana. Ngati mbali imodzi yokha ndi yomwe yasendera pang'ono, mkombero uku wonenepa uku woonda, kuseri kuli pakatikati, chimenecho ndi chidindo chimodzi chomwe sichinakhazikike bwino, ndi chofala ndipo pokhapokha zilembo zitadukadi anthu sachilabadira. Kolala ikakanirira pansi osakwera kobili limaphwasuka nkukula kuposa anzake, m'mbali mosalala, chithunzi chonse chilipo, kulemera kuli bwinobwino. Nde apa caliper imagwira ntchito, lalikulu kuposa muyeso likhoza kukhala lenileni, koma laling'ono kuposa muyeso lokhala ndi mkombero wonenepa wopindikira m'kati, zilembo zakumphepete zikumezedwa, limenelo linakodwa m'makina oumitsira zovala nkumagubuduzika kwa nthawi yaitali kapena wina analigogoda m'mbali ndi supuni. Kolala ndi chitsulo cholimba cha muyeso umodzi, kambale koyenera kakamenyedwa m'kati mwake kamadzaza ndithu, sikangatuluke kochepa chotero.

Pali chimodzi chomwe chimasangalatsa kwambiri kuona, kobili lokhala ndi chithunzi chomwecho mbali zonse, kwina chotukuka bwinobwino kwina cholowa m'kati komanso chotembenuka ngati pagalasi, amati brockage. Zimachitika kobili lomenyedwa kale likamatirira pa chidindo, nde limakhala ngati ndilo chidindo nkudinda kambale kotsatira. Achinyengo amatengera zimenezi poika makobili awiri pamodzi nkuwafinya pa vayisi kapena kuwamenya ndi hamala. Kusiyana kwake, pa lenileni mbali imodzi ndi yangwiro, yakuthwa, chifukwa inali pa chidindo chenicheni. Pa la pa vayisi mbali zonse zavulala, zilembo zotembenuka zakwera pamwamba pa chithunzi chakale chomwe chikuonekabe pansi, mkombero waphwanyika, kuseri kwaphwatalala kapena kuli zipsera za mano a vayisi.

Za mtundu ndi kulemera ndi pomwe sikelo imaposa maso. Mu 1943, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, America inapanga masenti achitsulo chokutidwa ndi zinki pofuna kusunga kopa, koma timbale tochepa ta kopa totsala chaka chapitacho tinalowa m'makina, nde senti ya kopa ya 1943 ndi imodzi mwa zodula kwambiri, ndipo pa chifukwa chomwecho zabodza zake ndi zosawerengeka. Yambani ndi maginito, ikamata ndiye kuti ndi yachitsulo yomwe wina anaikuta ndi kopa, nkhani yathera pomwepo. Ikapanda kumata iyezeni, ya kopa imalemera magalamu 3.11 pomwe yachitsulo ndi pafupifupi 2.7. Ikadutsa apanso yang'anitsitsani 3 wa pa chaka, ambiri amatenga senti ya 1948 nkusema 8 kuti aoneke ngati 3, nde fananitsani ndi 3 wa pa senti yachitsulo ya 1943, mchira wake ndi wautali wotsikira pansi, pomwe wosemedwa amakhala wozungulira mofupika. Zolakwika zotere zimakonda kubwera chaka chomwe fakitale yasintha chitsulo, mwachitsanzo 1965 pomwe ma dime, makobili a masenti 10, ndi makota a ku America anasiya kukhala a siliva, kota ya siliva imalemera 6.25 pomwe yatsopano ndi 5.67 ndipo m'mbali mwake mumaoneka mzere wofiira wa kopa. Kota ya 1965 yopanda mzere wofiira koma yolemera 5.67 kapena kupitirira pang'ono chabe ndi yokutidwa, musavutike nayo.

Kambale ka kobili lina kakhoza kusochera nkumenyedwa ndi zidindo zosakhala zake, koma kumbukirani kuti kayenera kukwana mu kolala, nde kamakhala kofanana kapena kochepa, osati kokulirapo. Senti yodindidwa pa kambale ka dime imatheka, imakhala yoyera, yolemera pafupifupi 2.27 ngati dime ya kuyambira 1965, zilembo zakumphepete zoduka kapena zofooka poti chitsulo sichinakwane. Chinsinsi ndi choti kulemera kuyenera kugwirizana ndi kobili linalake lomwe fakitale yomweyo inkapanga nthawi imeneyo, kuphatikizapo omwe inkapangira mayiko ena. Kobili lopyapyala, lopepuka, laling'ono, chithunzi chonse chilipo koma chooneka ngati chasungunuka ndipo pamwamba pali pokhakhala, limenelo linaviikidwa mu asidi kapena linakhala m'nthaka zaka zambiri, asidi amadya paliponse mofanana nchifukwa chake chithunzi sichiduka. Ndipo makobili ooneka agolide kapena asiliva pomwe anzake ndi ofiira, ambiri anakutidwa kunja, ena ndi ana asukulu pa phunziro la sayansi ena ndi makampani ogulitsa zikumbutso. Masenti a ku America kuyambira m'kati mwa 1982 ndi zinki wokutidwa ndi kopa wopyapyala, olemera 2.5, nde matuza, timabowo ndi kusupuka komwe mumaona pa iwo kawirikawiri ndi chikuto chomwe sichinagwire bwino kapena zinki amene akuwola m'kati, sizosowa ayi.

Mtundu wina ndi pomwe fakitale yaphatikiza zidindo ziwiri zosayenera kukhala limodzi, amati mule. Ku Britain mu 2008 anasintha zithunzi za makobili ndipo chaka pa 20p, kobili la mapeni 20, chinachoka kuseri kupita kumbali ya mutu wa Mfumukazi, nde ena anadindidwa ndi kuseri kwatsopano kopanda chaka pamodzi ndi kutsogolo kwakale kopandanso chaka, kobili nkutuluka lopanda chaka mbali zonse, a Royal Mint, fakitale ya makobili ya ku Britain, anati ndi osakwana 250,000. Anthu ambiri amaona 20p yakale kumbali ya mutu kulibe chaka nkuyamba kukondwa, tembenuzani kaye, ngati kuseri kuli duwa lovala chisoti chachifumu chaka chili pomwepo ndipo ndi wamba, lenileni kuseri kwake kuli chidutswa cha chishango. Chimodzimodzi 2p yolembedwa NEW PENCE, onse a 1971 mpaka 1981 analembedwa choncho ndipo alipo ambirimbiri, yolakwika ndi ya 1983 yokha chifukwa pofika nthawi imeneyo amayenera kulemba TWO PENCE. Ku America mu 2000 kunatuluka dola yokhala ndi mutu wa Washington wa pa kota m'malo mwa chithunzi cha mayi wotchedwa Sacagawea, ndipo ku Australia chaka chomwecho dola ina inadindidwa ndi chidindo chakutsogolo cha 10 cents, chomwe ndi chocheperako, nde mkombero wake umaoneka uwiri. Apa phunziro la mbiri ya kobililo ndi lofunika kuposa galasi, muyenera kudziwa kuti labwinobwino la chaka chimenecho limaoneka bwanji.

Kobili la mitu iwiri mbali zonse, pafupifupi onse ndi a anthu amatsenga, amatenga makobili awiri, lina kulikumba m'kati lina kulichepetsa nkulilowetsa. Msoko wake suli m'mbali momwe ambiri amayang'ana, uli m'kati mwa mkombero kumaso kwa kobili, kamzere kozungulira kopyapyala kwambiri, ndipo kulemera kumaphonya komanso mukaligogoda pang'ono silimalira bwino. Za chithunzi chozondoka, dziwani kaye chizolowezi cha dziko lake musanati chalakwika, makobili a ku America mukawatembenuza kuchoka pamwamba kupita pansi kuseri kumaima chilili, pomwe a ku Britain amakono ndi a euro amaima chilili mukawatembenuza chammbali. Likapendekeka mosiyana ndi anzake ndiye kuti chidindo chinazungulira m'makina, ndipo likapendekeka kwambiri m'pamene anthu amalifuna.

Mawu a m'mbali ndi nkhani inanso. Madola a apulezidenti omwe anayamba mu 2007 ndi George Washington poyamba anali ndi chaka, kachilembo ka fakitale ndi mawu a IN GOD WE TRUST m'mbali, ndipo ankazidinda pa makina ena kobili litamenyedwa kale, nde ambiri ndithu anadumpha sitepe imeneyo nkutuluka osalala. Poti ndi zosavuta kupala, yezani, lenileni limalemera 8.1 ndipo kukula kwake ndi mamilimita pafupifupi 26.5, lopalidwa limaperewera ndipo m'mbali mwake mumanyezimira mosalala kwambiri kapena muli timizere toyenda mozungulira.

Tinene kuti kobili lanu ladutsa mayeso onsewa ndipo mukutha kuloza sitepe yomwe linalakwikira. Chonde musalitsuke. Osalipukuta ndi nsalu, osaliviika mu viniga, osayesa mankhwala owalitsira zitsulo, chifukwa khungu la pamwamba lija ndi lomwe akatswiri amawerenga, mukalichotsa mtengo umagwa ndipo umboni wina umapita nawo, sizibwereranso. Ligwireni m'mbali, liikeni m'kathumba kapena kabokosi kosungira makobili kopanda PVC poti pulasitiki yofewa ija pakapita nthawi imasiya zobiriwira zomata pa chitsulo. Pojambula kuti mufunse anzanu jambulani mbali zonse ziwiri kobili lonse likuoneka, kenako m'mbali, kenako pafupi pa malo okayikitsawo, ndipo lembani kulemera kwake, chithunzi chimodzi chosaoneka bwino cha chilembo chokulitsidwa kwambiri palibe angakuthandizeni nacho. Ngati ndi vuto la chidindo monga doubled die, fufuzani m'mindandanda ya mitundu yodziwika ngati ya bungwe la CONECA, ndipo musangoona kuwirikiza kokha, onaninso timing'alu ndi timizere tomwe chidindo chimenecho chimadziwika nato, zonse ziyenera kugwirizana malo ake enieni, kufanana pang'ono sikokwanira.

Kutumiza ku makampani otsimikizira makobili monga PCGS, NGC kapena ANACS kumalipiritsa, kuwonjezera ndalama yotumizira ndi inshuwalansi, nde kumayenera pokhapokha ngati mtengo wa kobililo ukuposa zonsezo, ndipo muwauze pa fomu kuti mukufuna aone cholakwika chakuti chifukwa kawirikawiri ndi ntchito yolipira padera. Pofufuza mtengo pa eBay kapena kwina musayang'ane zomwe anthu akuitanitsa, aliyense akhoza kulemba nambala iliyonse, sefani kuti muone omwe anagulidwadi, makamaka otsimikiziridwa kale a mtundu ndi maonekedwe ofanana ndi lanu. Ndipo ngati inu ndi amene mukugula kobili lodula ngati senti ya 1955 ija kapena njati ya miyendo itatu, gulani lomwe lili kale m'kabokosi komata ka kampani yotsimikizira, mutenge nambala ya pa kabokosiko muifufuze pa webusaiti ya kampaniyo nkufananitsa zithunzi, poti masiku ano timabokosi tabodza natonso tilipo.